Mchenga, magalasi kapena zeolite: chomwe chingayeretse madzi a dziwe losambiramo kuno ku Zomba

Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, maiwe osambiramo ambiri mu Zomba amasintha maonekedwe pasanathe masiku awiri. Fumbi lomwe lakhala likuunjikana pa madenga ndi m'mitengo kuyambira Ogasiti limatsikira m'madzi, ngumbi zimathamangira nyali ya m'dziwe usiku n'kufera momwemo, achule nawo amabwera kudzaikira mazira. Kukacha, mwini nyumba kapena woyang'anira malo ogona alendo amapeza madzi ali mbuu, pansi sipakuoneka, ndipo chala chimaloza fyuluta, thanki yosefera madzi. Apa mpamene uphungu umachuluka. Wina akuti chotsani mchenga muikemo magalasi operedwa, wina akuti mwala wa zeolite, wina akuti tayani thanki yonseyo mugule ya katiriji.

Maganizo anga ndiwanene poyambirira, kuti muziwerenga mukudziwa mbali yomwe ndaima. Kwa maiwe ambiri a pakhomo, kaya ku Mulunguzi, ku Kalimbuka kapena ku Old Naisi, mchenga weniweni wa fyuluta ngokwanira, ndipo ndalama yomwe munthu akanagulira magalasi ingagwire ntchito yaikulu itagula geji yatsopano yoyezera mphamvu ya madzi m'fyuluta ndi mayunitsi oti pampu iziyenda maola okwanira. Alipo malo omwe magalasi amabweza ndalama yake, ndipo alipo ochepa omwe katiriji ndiye yoyenera. Koma zonsezi zimamveka bwino munthu akadziwa zomwe zimachitika m'kati mwa thankiyo.

Pampu imakoka madzi m'dziwe n'kuwathira pamwamba pa mchenga. Madziwo amatsika podutsa m'mipata ya pakati pa timchenga, litsiro n'kutsalira. Pansi pa thanki pali timapaipi tapulasitiki tokhala ndi timing'alu tochepetsetsa, tomwe timalola madzi kudutsa koma mchenga ayi, ndipo kuchokera pamenepo madzi amabwerera m'dziwe. Litsiro likachuluka madzi amavutika kudutsa, muvi wa pa geji n'kukwera. Ndiye mumatembenuza madzi kuti alowere pansi n'kutulukira pamwamba, atukule mchenga, anyamule litsiro n'kulitaya kunja. Ntchito imeneyi ndi yomwe pa valavu inalembedwa kuti Backwash. Mchenga, magalasi ndi zeolite zonse zimagwira ntchito mwanjira yomweyi, m'thanki yomweyo. Kusiyana kwake kuli pa kuchepa kwa litsiro lomwe zimagwira, zaka zomwe zimakhala, ndi madzi omwe zimadya potsuka.

Mchenga

Mchenga wa fyuluta ndi silika wotsukidwa ndi kusefedwa kuti timchenga tonse tikhale tofanana kukula, pakati pa theka la milimita ndi milimita imodzi, ndipo timakhala ndi ngodya zomwe zimakola litsiro. Umagwira tizinthu tokula ma micron 20 mpaka 40. Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa ma micron pafupifupi 70, kutanthauza kuti mchenga umagwira ngakhale fumbi lomwe diso silingalione palokha. Mafyuluta ambiri omwe amafika kuno kuchokera ku South Africa amatchulidwa ndi chiwerengero cha matumba, ya matumba awiri, atatu kapena anayi, thumba lililonse lolemera makilogalamu 40. Mukadziwa kuti yanu ndi ya matumba angati, kugula sikuvuta.

Funso lomwe limabwera msanga ndi la mchenga wa mumtsinje. Ndikumvetsa chifukwa chake. Thumba lochokera kunja mtengo wake ndi wowawa, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe mchenga wa mu Likangala omanga nyumba amatuta ndi malole. Koma musauike m'fyuluta, ngakhale mutausefa ndi sefa ya omanga. Mchenga wa mumtsinje ndi wosakanikirana. Timchenga tosalala kwambiri timadutsa m'timing'alu tija n'kukathera pansi pa dziwe, dothi lomwe lili momwemo limamata n'kutseka njira ya madzi, ndipo timiyala tokulirapo timasiya mipata yoti litsiro lizidutsa mosavuta. Mumathera kutaya madzi ambiri pa backwash kuposa ndalama yomwe munapulumutsa, ndipo madzi sayera.

Mchenga wabwino umagwira ntchito zaka zitatu mpaka zisanu. Chomwe chimaufupikitsa moyo kuno kwathu makamaka ndi mafuta odzola. Ife timadzola kwambiri, makamaka nyengo yozizira ndi ya chilimwe pamene khungu limatuwa, ndipo munthu akalumphira m'dziwe osayamba wasamba, mafuta onsewo amakathera m'fyuluta. Kumeneko amasakanikirana ndi fumbi ndi tizilombo n'kumata mchenga kukhala mibulu. Backwash wamba sachotsa mibulu imeneyi.

Njira yodziwira ndi kugwira ndi dzanja. Zimitsani pampu, tulutsani mpweya m'thanki mpaka muvi wa geji ufike pa ziro, tsegulani chivundikiro, mulowetse dzanja mpaka m'chigongono. Mchenga wamoyo umayoyoka pakati pa zala ndipo umakanda pang'ono. Wotopa umatuluka uli noninoni, woterera, wonunkha chithaphwi, kapena mumapeza pamwamba pauma gwa, chala osalowa, m'mbali mwa thanki muli mpata. Pamenepo madzi amachita zomwe mvula imachita m'munda wa pamtsetse wopanda akalozera: amakumba ngalande imodzi n'kumangodutsa momwemo, mchenga wina wonse osaukhudza. Choopsa chake n'chakuti geji siikwera, chifukwa madzi apeza njira yapafupi, ndiye munthu amaganiza kuti fyuluta ili bwino pomwe siikusefa kanthu.

Magalasi

Awa ndi mabotolo akale ophwanyidwa kufakitale, operedwa kuti asacheke dzanja, n'kusefedwa molingana kukula. Musayese kusinja mabotolo pakhomo. Ubwino wa magalasi waukulu ndi wakuti ndi osalala, choncho mafuta ndi tizilombo sizimata msanga, mibulu ija siipangika kawirikawiri, ndipo backwash amatha msanga chifukwa litsiro limachoka mosavuta. Opanga amanena kuti amagwira litsiro lochepa kuposa lomwe mchenga umagwira ndipo amakhala zaka zoposa za mchenga, mwina kuwirikiza. Ndi opepukirapo, ndiye thanki yomweyo imafuna makilogalamu ochepa ndi 15 kapena 20 peresenti.

Kodi ndani ayenera kuwagula? Ine ndingawalimbikitse kwa malo ogona alendo ndi masukulu, komwe Loweruka limodzi m'dziwe mumalowa anthu makumi angapo, ana ndi akulu, aliyense ndi mafuta ake. Pamalo oterewa mchenga umatopa zaka zitatu zisanakwane, ndipo tsiku lililonse lomwe dziwe latsekedwa ndi ndalama yotayika. Komanso kwa amene amadzaza dziwe ndi madzi a Southern Region Water Board, omwe amawerengedwa pa mita, mphindi iliyonse yochotsedwa pa backwash imaoneka pa bilu. Koma pakhomo pomwe amasambira ndi ana atatu ndi anzawo apo ndi apo, kusiyana kwa kuyera kwa madzi pakati pa mchenga watsopano ndi magalasi n'kovuta kukuona ndi maso. Ambiri amene amayamikira magalasi amawayerekeza ndi mchenga wotopa womwe angochotsa kumene. Akanaika mchenga watsopano, madzi akanayeranso chimodzimodzi.

Zeolite

Zeolite ndi mwala wochokera ku phulusa la mapiri ophulika, wokhala ndi timabowo tambirimbiri. Wodziwika m'chigawo chathu chino ndi Clinobrite wa kampani ya Pratley ya ku South Africa. Ali ndi luso limodzi lomwe mchenga ndi magalasi zilibe: amayamwa amoniya. Amoniya amachokera ku thukuta ndi mkodzo, ndipo akakumana ndi klorini amapanga mankhwala omwe amalowa m'maso n'kufiiritsa, omwenso amabweretsa fungo lamphamvu lija anthu amati klorini wachuluka, pomwe zoona zake n'zakuti klorini wogwira ntchito wachepa. Dziwe lomwe ana ang'onoang'ono amachulukamo lingapindule naye.

Vuto lake ndi chisamaliro. Timabowo tija tikadzaza, zeolite amafunika kuviikidwa m'madzi amchere wambiri usiku wonse kuti atulutse amoniya, kenako n'kutsukidwa bwinobwino. Ntchito imeneyi ikaiwalika, mwagula mchenga wodula basi. Akakhala watsopano amatulutsa fumbi loyera lomwe limafuna backwash wautali asanayambe ntchito, ndipo ngati dziwe lanu ndi la madzi amchere, lomwe makina amapanga klorini kuchokera ku mchere, luso lake loyamwa amoniya limachepa kwambiri. Kwa munthu wokonda kutsatira ndondomeko ndi wabwino. Kwa dziwe lomwe mwini wake amakhala ku Lilongwe n'kumabwera pakutha pa mwezi, ayi.

Timipira taulusi tomwe tayamba kugulitsidwa, toyera topepuka, sindingakulimbikitseni. Timakopa chifukwa kathumba kosakwana kilogalamu akuti kamalowa m'malo mwa mchenga wolemera makilogalamu 25, ndipo kunyamula kuchokera ku Blantyre pa minibasi n'kosavuta. Koma backwash satiyeretsa mokwanira. Muyenera kutsegula thanki, kutitulutsa, kutichapa pamanja n'kutibwezera, ndipo ndi matope a nyengo ya mvula ntchito imeneyi imabwera pafupipafupi.

Kusintha thanki yonse

Fyuluta ya katiriji ilibe mchenga. M'kati mwake muli nsalu yolimba yopindapinda yomwe imagwira litsiro la ma micron 10 mpaka 15. Siifuna backwash, mumangoitulutsa n'kuitsuka ndi paipi ya madzi, choncho imapulumutsa madzi kwambiri. Kwa kadziwe kakang'ono, kapena kwa amene amadalira mjigo womwe umachepa madzi mu Okutobala, iyi ndi njira yoganizirapo. Koma nsaluyo imatha pakapita zaka zochepa, ndipo ina iyenera kukhala ya kukula komweko ndi mtundu womwewo. Mchenga wa kampani iliyonse umalowa m'thanki iliyonse, pomwe katiriji ikang'ambika yofanana nayo isakupezeka m'sitolo, dziwe limaima kudikira katundu wochokera ku Johannesburg. M'dziko lomwe ndalama zakunja zimasowasowa, chimenechi si chinthu chochepa. Komanso dziwe lomwe lazunguliridwa ndi mibawa, mango kapena jakaranda, yomwe imayoyola maluwa ake mu Okutobala, limatseka katiriji msangamsanga.

Palinso fyuluta ya ufa wotchedwa DE, yomwe imasefa bwino koposa zonse, mpaka ma micron 3 kapena 5. Imafuna ufa watsopano nthawi iliyonse mukaitsuka, ndipo ufawo ndi woipa kuupuma. Kuno ndingoitchula n'kudutsa.

Backwash: kutsata kalendala kapena geji

Apa ndiye pagona nkhani, kuposa pa zomwe mwaika m'thanki. Makomo ambiri wosamalira dziwe anauzidwa kuti Lolemba lililonse azichita backwash, ena mpaka tsiku lililonse m'mawa. Njira ya kalendalayi ili ndi ubwino umodzi, woti siiwalika. Koma imataya madzi, ndipo imachepetsa luso la fyuluta, chifukwa mchenga wokhala ndi litsiro pang'ono umasefa bwino kuposa wotsukidwa kumene. Litsiro loyambalo limachepetsa mipata n'kuthandiza kugwira fumbi losalala. Wochita backwash tsiku lililonse amachotsa thandizo limeneli lisanayambe n'komwe.

Tiwerengere limodzi. Dziwe lotalika mamita 8, mulifupi mamita 4, lakuya mita imodzi ndi theka, limasunga malita 48,000. Tiyerekeze kuti pampu yake imakankha malita 12,000 pa ola, omwe ndi malita 200 pa mphindi. Backwash wa mphindi zitatu ndi Rinse (kutsukuluza kotsatira backwash) wa theka la mphindi zimataya malita 700. Kuchita zimenezi tsiku lililonse ndi malita 21,000 pa mwezi, pafupifupi theka la dziwe lonse, pamodzi ndi klorini yemwe munali mutathira kale m'madziwo. Madzi a m'damu la Mulunguzi ndi omwewo amamwa anthu a ku Chikanda, ku Sadzi ndi ku Chinamwali, ndipo kuwataya motere n'kosayenera ngakhale kwa amene bilu siimuwawa.

Njira ya geji ndiyo yolondola. Mukangomaliza backwash wabwino, onani pomwe muvi waima, ndipo nambala imeneyo ndiyo poyambira panu. Malangizo ofala amati muchitenso backwash muvi ukakwera ndi 8 mpaka 10 psi pamwamba pa nambalayo, kapena kuti 55 mpaka 70 kPa ngati geji yanu ndi ya kPa. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikamawomba ndipo palibe wolowa m'madzi, pangapite masabata angapo muvi osasuntha. Mu Januwale mvula ikagwa usiku wonse, ungakwere tsiku limodzi. Kalendala siidziwa zimenezi. Komabe musalole mwezi kutha osachita backwash ngakhale muvi usakwere, kuti mchenga usagwirane.

Chovuta n'chakuti mageji ambiri ndi akufa. Kagalasi kake kachita nkhungu, muvi unaima malo amodzi kalekale. Yesani motere: zimitsani pampu. Muvi ukapanda kubwerera pa ziro, gejiyo yatha. Ndi kachipangizo kotsika mtengo pa zonse za padziwe, kongomasula ndi kumanga, koma popanda iko mukungoganizira. Onaninso mbali inayi. Muvi ukatsika kuposa poyambira, vuto lili pampu isanafike pa fyuluta: kabasiketi ka pampu kapena ka m'mbali mwa dziwe kadzaza masamba, kapena madzi atsika kwambiri ndipo pampu ikukoka mpweya. Backwash sangathandize pamenepo.

Kachitidwe kake n'kosavuta koma dongosolo lake lisasokonezedwe. Zimitsani pampu musanagwire chogwirira cha valavu, nthawi zonse. Kuchitembenuza pampu ikuyenda kumang'amba labala ya m'kati mwa valavu, ndipo ikang'ambika madzi amayamba kudontha kupita kunja usana ndi usiku, kapena akuda amabwerera m'dziwe. Ikani pa Backwash, yatsani, muyang'ane kagalasi ka m'mbali mwa valavu. Masekondi oyamba madzi amaoneka oyera, kenako amada bii kapena kufiira, n'kuyamba kumasuka pang'onopang'ono mpaka muone timathovu tikuvina m'madzi oyera. Zimatenga mphindi ziwiri kapena zitatu. Zimitsani, ikani pa Rinse kwa masekondi 30 mpaka mphindi imodzi kuti mchenga ukhazikike ndipo litsiro lotsala m'mapaipi lituluke, zimitsaninso, bwezerani pa Filter. Amene amadumpha Rinse ndi omwe amaona utsi wa litsiro ukutuluka m'mapaipi obwezera madzi m'dziwe.

Madzi otayidwawo asalunjike mumtsinje kapena m'dziwe la nsomba, chifukwa klorini amapha nsomba. Ngati malo alipo, apite m'thanki kapena m'dzenje, akhale masiku awiri kapena atatu klorini auluke, kenako muthirire kapinga. Asakhalitse kuposa pamenepo, udzudzu ungaswane. Ngati dziwe ndi la madzi amchere, musathirire ndiwo zamasamba.

Maola a pampu ndi kuzima kwa magetsi

Fyuluta iliyonse, ngakhale yodula motani, imasefa madzi okhawo omwe adutsamo. Dziwe la malita 48,000 lija limafuna maola anayi kuti madzi ofanana ndi dziwe lonse adutse kamodzi, ndipo nyengo yotentha ndi bwino adutse kawiri pa tsiku, maola 8. Pampu ya 0.75 kW ikayenda maola amenewa imadya mayunitsi pafupifupi 6 pa tsiku, 180 pa mwezi. Anthu ambiri akaona mayunitsi akutha amachepetsa maola mpaka awiri kapena atatu, madzi akachita mbuu n'kumadandaula za mchenga. Malo ochepetsera maola ndi nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Julayi, pamene ndere sizimera msanga. Kumtunda kuphiri, cha ku Ku Chawe, madzi amazizira kwambiri kuposa m'tauni ndipo maola atatu kapena anayi angakwane. Kuyambira Seputembala mpaka Marichi musaumire.

Magetsi akamazimazima, monga zinalili namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, pali njira zitatu. Yoyamba ndi wotchi yoyatsa pampu yokha. Ndi yabwino, koma mawotchi ozungulira aja amaima magetsi akazima, ndiye pakatha sabata amakhala akuyatsa pampu nthawi yolakwika. Gulani yokhala ndi batire, kapena wina aziikonza nthawi tsiku lililonse. Yachiwiri ndi kuyatsa pamanja nthawi iliyonse magetsi akabwera, ngakhale usiku, n'kumalemba maola m'kope. Imagwira ntchito ngati pali munthu wokhulupirika pamalopo. Pano chenjerani ndi chinthu chimodzi: magetsi akabwera onani ngati pampu yakoka madzi, chifukwa ikayenda youma kwa mphindi zingapo zotsekera zake zimapsa. Yachitatu ndi pampu ya sola. Imayenda masana, nthawi yomwe dzuwa limadya klorini ndipo ndere zimakula, ndiye imagwirizana bwino ndi zofuna za dziwe. Koma Zomba ndi malo a mitambo. Nyengo ya mvula, yomwe fyuluta imafunika koposa, ndi yomwe dzuwa limabisala, ndipo backwash amafuna pampu yamphamvu zonse kuti itukule mchenga. Amene ali ndi sola azichita backwash dzuwa lili paliwombo, ndipo ndi nzeru kusunga pampu yamagetsi yakale kuti izithandiza.

Pamene vuto si fyuluta

Madzi obiriwira ndi ndere, ndipo ndere zimaphedwa ndi klorini, osati mchenga. Fyuluta imangotola zakufa. Musanatsegule thanki yezani madzi ndi kabotolo koyezera: pH, muyeso wa asidi m'madzi, ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.6, klorini pakati pa 1 ndi 3 ppm. pH ikakwera kufika cha ku 8, klorini amafooka kwambiri ngakhale muthire wochuluka. HTH, klorini waufa yemwe ambiri tinamudziwa bwino nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, amakweza pH pang'onopang'ono ndipo amasiya laimu m'madzi, yemwe ndi amene amaumitsa mchenga pamwamba pH ikalekereredwa. Muthireni madzulo dzuwa litalowa kuti agwire ntchito usiku wonse. Musamusakanize ndi asidi kapena ndi mapiritsi a klorini a mtundu wina, ngakhale m'chidebe chomwe munagwiritsa kale ntchito, chifukwa zimatulutsa mpweya wakupha ndipo zimatha kuphulika.

Madzi a mjigo nthawi zina amakhala ndi chitsulo. Amatuluka oyera, koma mukangothira klorini amasanduka ofiirira. Amenewa pampu iyende osaima, backwash pafupipafupi, mpaka ayere.

Nanga dothi losalala lomwe madzi othamanga amakokolola kuchokera m'mapiri, monga zinachitikira m'madera ambiri a kum'mwera ndi namondwe Freddy mu Marichi 2023? Dothi limeneli ndi lochepetsetsa moti limadutsa mumchenga ngakhalenso m'magalasi. Kulimbana nalo ndi fyuluta n'kutaya mayunitsi. Njira yachangu ndi mankhwala ogwirizanitsa litsiro, monga alamu. Ikani valavu pa Recirculate kapena Bypass kuti mankhwalawo asadutse mumchenga, pampu iyende maola awiri, zimitsani usiku wonse. M'mawa mupeza litsiro lonse lagona pansi, pamwamba madzi ali mbee. Lipopeni pang'onopang'ono valavu ili pa Waste, kuti lipite kunja osalowa m'fyuluta. Mutaya madzi ambiri ndithu, koma nyengo imeneyo mvula imabwezera.

Kwa a malo ogona alendo ndi masukulu pali chinthu china choti mudziwe. Kachirombo kotsegula m'mimba kotchedwa Cryptosporidium ndi kochepa ma micron 4 mpaka 6, kamadutsa mumchenga, ndipo kamatha kukhala moyo kupitirira sabata m'madzi okhala ndi klorini wa mlingo wamba. Madzi angaoneke oyera koma ali nako. Mwana wotsegula m'mimba asalowe m'dziwe, ndipo ngozi ikachitika tsekani dziwelo, mukweze klorini kwambiri, pampu iyende usana ndi usiku, kenako backwash, musanalole wina kulowamo.

Mchenga ukatopa: kutsuka kapena kusintha

Mukapeza mibulu koma mchenga usanakwane zaka zitatu, yambani mwautsuka. Tsegulani chivundikiro, lowetsani paipi ya madzi mumchenga mofatsa, muziisuntha malo osiyanasiyana, madzi azisefukira kunja ndi litsiro mpaka atuluke oyera. Mibulu iphwanyeni ndi dzanja, osati ndi chitsulo kapena mtengo, kuopa kuthyola timapaipi ta pansi. Alipo mankhwala otsukira fyuluta omwe mumaviika usiku wonse, amathandiza pa mafuta. Kutsuka kotere kamodzi pa chaka, mwina mu Epulo mvula ikatha, kumaonjezera moyo wa mchenga. Koma ukauma gwa, kapena zaka zisanu zikakwana, kapena madzi akakana kuyera pomwe pH, klorini ndi maola a pampu zonse zili bwino, sinthani. Mukaona mchenga ukuunjikana pansi pa dziwe pafupi ndi potulukira madzi, kapaipi kena ka pansi kathyoka, ndipo palibe kuchitira mwina koma kutulutsa mchenga wonse.

Nthawi yabwino yosinthira ndi Julayi kapena Ogasiti, pamene dziwe likupumula ndipo kutentha kusanayambe. Kuyembekezera Disembala ndi kusintha mothamanga alendo ali pakhomo. Katundu mugule kale, popeza zambiri za maiwe zimapezeka ku Blantyre, ndipo gulani pamodzi ndi labala ya chivundikiro ndi timapaipi ta pansi tiwiri kapena titatu tapadera, chifukwa takale timakhala tofooka ndipo timathyoka pochotsa mchenga.

Tulutsani madzi m'thanki, kumbani mchenga wakale ndi kapu yapulasitiki, mukamayandikira pansi muzigwiritsa ntchito manja okha. Tsukani thanki, muyang'ane kapaipi kalikonse ngati kali ndi mng'alu. Musanathire mchenga watsopano, dzazani thanki ndi madzi mpaka theka, kuti mchenga uzigwa mofatsa m'malo mogwera timapaipito ndi kulemera kwake konse. Tsekani kukamwa kwa paipi ya pakati ndi pulasitiki kuti mchenga usalowemo. Wothirayo avale chophimba mphuno ndi pakamwa, chifukwa fumbi la silika limaononga mapapo. Musadzaze mpaka pamwamba. Mchenga umafunika mpata woti utukuke pa backwash, ndiye thirani matumba omwe thankiyo inalembedwa basi. Mukatseka, yambani ndi Backwash, osati Filter, kuti fumbi la mchenga watsopano lipite kunja, kenako Rinse. Mukabwezera pa Filter, dikirani mphindi zingapo muvi ukhazikike, ndipo nambala yomwe waloza muilembe pathanki pomwepo ndi penti kapena cholembera chosafufutika, pamodzi ndi mwezi ndi chaka, kuti aliyense wodzasamalira dziwelo aziiona akamagwira chogwirira cha valavu.